Chaka Chimene Bambo Anati Mbalame Zatha

Ine khutu langa sindilikayikira. Maso akhoza kundinamiza, makamaka masiku ano pamene ulusi wayamba kukana kulowa pa singano, koma khutu ayi. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika wa pa Chikwawa, pakati pa mawailesi atatu olimbirana ndi anyamata oitanira minibasi za ku Blantyre, komabe pumbwa akalira mumtengo wa nimu kuseri kwa chigayo ndimamumva, ndipo ndimadziwa ngati akungocheza ndi mnzake kapena waona mphaka. Anzanga osoka nawo amati imeneyi ndi misala yoyamba bwino. Ndimangowasiya, chifukwa iwo sanakulire pansanja ya mapira kwa Chapananga, ndipo bambo anga sanawaonepo.

Kwathuko chimanga ndi chongoyesera mwayi. Dzuwa la kumeneko limachiwotcha chisanabereke, choncho chakudya chenicheni ndi mapira, ndipo mdani wamkulu wa mapira ndi mbalame. Ngala zikangoyamba kuchita mkaka, banja lililonse limamanga nsanja pakati pa munda, n'kumangirira zingwe kuchokera pansanjapo mpaka kumalire onse, n'kupachika pazingwezo zitini zokhala ndi timiyala m'kati. Ukakoka chingwe, zitini za mbali imeneyo zimasokosera, mbalame n'kuuluka. Ntchito imeneyi timaitcha kuamira. Imayamba kusanache mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku kufikira pokolola, ndipo ukaigonera masiku atatu okha mimba idzakukumbutsa mu Januwale.

Anthu ambiri amaamira ndi maso. Amaimirira pansanja khosi lili uku ndi uku, kukoka zingwe zonse nthawi imodzi ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Bambo anga ankawaseka anthu otere. Ankati mbalame si chitsiru, ukamaiimbira zitini tsiku lonse imazolowera, kenako imadya mapira ako uku ikuvina. Lamulo lawo linali loti chingwe chikokedwe pokhapokha wakuba atafika, ndipo chikhale chimodzi chokha, cha mbali imene walowerayo. Nanga wakubayo umudziwa bwanji m'mapira aatali kuposa munthu? Ndi khutu. Bambo ankakhala pansi pamthunzi wa kadenga kaudzu pansanjapo, mutu uli wera, kuluka mkeka wa mlaza, munda osauyang'ana n'komwe. Zingwe zonse zinkathera pamtengo umodzi pafupi ndi bondo lawo. Unkangoona dzanja lasiya mlaza, lakoka chingwe chachitatu, labwerera pa mkeka. Pofika pokolola iwo ankakhala ndi nkhokwe yodzaza ndi mikeka yokagulitsa, anzawo ali ndi zilonda zapakhosi. Anthu ankachokera midzi ina kudzaona munthu woamira chofulatira, ndipo bambo, sindibisa, ankazikonda zimenezo.

Pa ana awo onse ndine ndekha ndinatengera khutu limenelo, ndipo anandiphunzitsa mosanyengerera. Bambo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ali mnyamata, ndiye Chisena chinkawatuluka akakwiya kapena akakondwa kwambiri, ndipo ife tinkawaitana baba. Mbalame anazigawa pawiri basi, zakuba ndi zongodutsa. Wakuba wamkulu ndi mpheta, osati zapakhomo zotola madeya, koma zija zamilomo yofiira zobwera chikhamu. Zikatera m'munda phokoso lake limakhala lopyapyala, ngati usipa ukukazingidwa m'chiwaya kunyumba yachitatu. Atchete nawo ndi akuba, koma amadziulula okha ndi kulongolola kwawo. Njiwa imadya, inde, koma imakonda zogwa pansi, ndiye suyenera kuitayira chingwe pokhapokha zitachuluka. Timba, choso ndi phwiti alibe mlandu. Timba ndiye mnzako weniweni, chifukwa akayamba kulalata pamalo amodzi osasuntha, pansi pake pali njoka. Nthengu ndi wabodza, amatha kulira ngati kabawi kuti anzake athawe asiye chakudya, ndipo anandipusitsa kangapo. Ndikalakwa bambo sankandimenya. Ankangondiyang'ana n'kunena kuti makutu angawa Mulungu anandipatsira ndolo basi, ndipo mawu amenewo ankandiwawa kuposa mkwapulo.

Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinasamukira kuboma ndi makina anga. Kumudzi ndinkapita pa Khirisimasi ndi pamaliro, nyengo imene nsanja zimakhala zopanda munthu, ndipo phokoso la anthu silinkandipatsa mpata womvetsera mbalame. Nkhani zambiri tinkakambirana pafoni.

Pafonipo ndi pamene bambo anayamba kundiuza kuti mbalame zikutha. Anayamba ndi choso. Anati chaka chonsecho sanamumve ngakhale kamodzi, ngakhale pamene mitengo inachita maluwa. Patapita miyezi anati phwiti nayenso wapita, kenako timba. Ankati m'mawa akadzuka kumangolira njiwa ndi akhwangwala, dziko lakhala ngati tchalitchi chimene ana onse achokamo. Ndikawafunsa ngati saziona n'komwe, ankati kamodzikamodzi amaona kambalame kakudumpha m'tchire, koma zotsalazo zasiya kuimba chifukwa anzawo kulibe. Wolakwa anamupeza msanga. Anali makala. Ndipo zinkamveka, chifukwa mitengo ya tsanya imene ine ndinaisiya ili nkhalango inali itasanduka zitsa, ndipo mumsewu wobwera kuboma njinga za matumba a makala zinkangotsatana.

Tsoka lake, wootcha makala mmodzi tinali naye m'banja. Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, munthu wofatsa wa ana asanu, ankaotcha makala nyengo ya chilimwe. Bambo anamuletsa kukhala pakhonde lawo, ndipo moni wake anasiya kuyankha. Ine ndinaikira kumbuyo bambo popanda kufunsa kawiri. Ngati munthu amene ankasiyanitsa nthengu ndi kabawi ali chogona wanena kuti timba watha, ndiye kuti timba watha. Ndinamuimbira foni mlamuyo n'kumusambitsa chokweza, ndipo pakamwa panga amene amandidziwa amapadziwa. Iye anangoti wamva, alamu.

Chaka chachiwiri, mu Meyi, mayi anandiimbira ndili pa makina. Mayi anga si munthu woimba foni, amaopa kuti mayunitsi awathera m'manja, ndiye nditaona kuti ndi iwo ndinaimitsa phazi. Anati chimanga chonse chinapsa mu Febuluwale, chatsala ndi munda wa mapira wokha, ndipo mapirawo akutha ali chiimire. Bambo akukwera pansanja tsiku lililonse monga kale, koma akuti mpheta nazonso zatha m'dziko, moti tsiku limatha atakoka chingwe kawiri kapena katatu, chifukwa cha njiwa. Ngala zodyedwazo akuti zikudyedwa masana, pa ola limene iwo amapita kukamwetsa mbuzi n'kusiyira mayi zingwe. Mayi sanadandaule za kunamiziridwako. Anangoti ndipite, ndipo ndisachedwe, chifukwa zikapitirira sabata ina m'nkhokwe simulowa kanthu.

Ndinasiya madiresi a ukwati wa eni ake ali theka, ndinakwera lole, kenako njinga yamoto, kenako wapansi. Ndinafika dzuwa litapendeka. Bambo anali atakalamba kuposa m'mene ndinawasiyira, koma msana uli chilili, ndipo anakondwa kuti ndabwera nyengo ya kuamira. Anati mawa ndikwere nawo ndikadzimvere ndekha m'mene dziko lawonongekera.

Tinanyamuka kukuyera, iwo patsogolo ndi mtolo wa mlaza, ine pambuyo ndi chigubu cha madzi. Tisanatuluke n'komwe m'mudzi ndinamva phwiti m'mpanda wa khola. Ndinaganiza kuti mwina ndi mmodzi wotsala. Titafika pamtengo wa masau umene uli polowera m'munda mwathu, atimba awiri anali pa mkangano woti ngakhale mwana angaumve, ndipo chapamwamba choso ankalira kamawu kake kaja konga singano. Tchire lonse linali lodzaza, monga m'mene linkakhalira ndili mtsikana. Bambo anaima pansi pa mtengo womwewo n'kutembenukira kwa ine.

"Wamva, mwananga? Zii. Kale pano sitinkamvana polankhula."

Nthawi yomweyo, kutali kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza anang'omba, mbalame zazikulu zakuda zija, anayamba kuguguda ndi mawu awo aja a pansi. Bambo anakweza chala, namvetsera pang'ono, n'kunena kuti alipo atatu, ndipo woyankhayo ndi wamkazi. Ndinawerenga ndekha, ndipo analidi atatu. Pamenepo zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Mawu aakulu ankawamva bwinobwino, kuposa ine. Amene anawachokera anali mawu opyapyala. Ndinakumbukira kuti pa Khirisimasi ankadandaula kuti akazi a masiku ano amalankhulira m'mano, komanso kuti foni yawo inkalira m'thumba la malaya mpaka wina awakodole.

Ndikanayenera kunena pomwepo. Ine amene sindisunga mawu m'kamwa, amene ndinalalatira bambo wa ana asanu pafoni, ndinangoti zoonadi baba, n'kuwatsatira. Ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni choti sindinamverepo munthu.

Tinakwera pansanja. Iwo anakhala pamalo pawo pafupi ndi mtengo wa zingwe, nayamba kuluka. Dzuwa litangotuluka ndinamva chiwaya chija chikuyamba kungodya ya kukhwawa, kumene munda umatsetsereka ndipo mapira amabisa chilichonse. Mpheta zinalowera chapansipansi kuchokera m'bango. Ndinayang'ana dzanja la bambo. Linali pa mlaza, likuluka mwaluso ngati kale. Ndinadikira, phokoso likukulirakulira, mpaka ndinalephera kupirira, ndinatambasula mkono n'kukoka chingwe cha kukhwawa. Bambo anandikwapula padzanja ndi nsonga ya mlaza osadzutsa mutu. Anati tauni yandiwononga, ndayamba kuamira ngati anthu wamba, ndipo ndizoloweretsa njiwa zitini popanda chifukwa. Ndinati ndinangoyesa ngati ndamva kanthu. Anaseka, nati nawonso zinkawachitikira poyamba, khutu limapeka zimene lazisowa.

Mpheta zinabweranso pasanathe nthawi, ndipo kupatula ola lokamwetsa mbuzi, tsiku lonselo ndinakhala manja ali pamiyendo, kumvetsera chakudya cha makolo anga chikutha. Zitini sungazikoke mobisa. Bambo anali osangalala, ankandisimbira za mitengo ya mbuzi ndi za anzawo amene anamwalira. Madzulo iwo atatsogola ndinazungulira kungodya ija. Ngala zinali mbuu, makoko okhaokha, ukazigwira zopepuka ngati udzu. Ngodya yonse inali itapita, ndipo zinali zitayamba kulowera pakati.

Mayi ndinawapeza kuchitsime. Sindinawapatse moni wabwino, ndinangowafunsa kuti akhala akudziwa kuyambira liti. Anati kuyambira chaka chatha, tsiku limene anapiye analira usana wonse atatsekeredwa m'dengu pafupi ndi mpando wa bambo, iwo osatembenuka. Anayesapo kamodzi kuwauza. Bambo anati mayi sanasiyanitsepo njiwa ndi nkhuku moyo wawo wonse, ndiye asawaphunzitse za makutu, ndipo anakhala masiku awiri osawalankhula. Kuika munthu wina pansanja m'malo mwawo sakanalola. Mayi anati ine ndekha ndi amene bambo angandikhulupirire, popeza khutu langa analiumba ndi iwo omwe. Ndinakwiya nawo mayi pondisungira ntchito yoipayi, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Kuchokera kuchitsimeko ndinapita kwa mlamu wanga kukapepesa, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Anandimvetsera akukonza tayala la njinga. Anati iye ankadziwa kuti atimba alipo, amawamva tsiku lililonse, koma sakanatsutsana ndi apongozi pa nkhani ya mbalame, ndani akanamukhulupirira. Kenako anati ndisapepese kwambiri, chifukwa mitengoyo ikuthadi, ndipo wodula ndi iyeyo. Ndinachokapo ndi manyazi kuposa m'mene ndinafikira.

M'mawa mwake ndinakwera pansanja nditatsimikiza mtima. Ndinadziwa kuti mawu okha sangathandize, bambo akanandiyesa ndapangana ndi mayi. Ndinadikira. Ndinazisiya mpheta zilowe, gulu loyamba, lachiwiri, lachitatu, ngakhale mtima unkandipweteka ndi ngala iliyonse, kufikira ngodya ya kukhwawa ndi pakati pomwe zinadzaza. Ndiyeno ndinagwada pamaso pawo n'kugwira mkeka umene ankalukawo, ndi kuuchotsa m'manja mwawo pang'onopang'ono. Chibadwire sindinawalandepo kanthu m'manja. Anandiyang'ana modabwa.

"Baba, tembenukani muyang'ane kukhwawa. Musachotseko maso."

Anati iwo sanaamirepo ndi maso ndipo sayamba lero. Ndinati ndikupempha kamodzi kokha, akapanda kuona kanthu ndikwera lole ya masana ndipo nkhaniyi sindidzaitchulanso. Anang'ung'udza m'Chisena, koma anagwira mtengo, naimirira, natembenuka. Ndinakoka chingwe cha kukhwawa ndi cha pakati ndi mphamvu zanga zonse.

Munda unachita ngati wanyamuka. Mpheta zinatuluka m'mapira chikhamu, zinadetsa mbali yonse ya kum'mawa, zinapinda pamodzi, zinadutsa pamwamba pa nsanja yathu moti mphepo yake tinaimva kumaso, n'kukagwera m'bango. Bambo anazitsatira ndi maso mpaka yomalizira. Dzanja lawo linali likadali pamtengo.

"Zauluka chete?"

"Nkhabe, baba, si chete ayi. Zikusokosera moti ine makutu akundiwawa."

Anakhala pansi. Ndinali nditakonzekera ukali, ndinali nditakonzekera kuthamangitsidwa, ndipo mayankho ndinali nawo kale pakamwa. Koma iwo anangokhala, akuyang'ana manja awo. Anakweza dzanja limodzi n'kukhwatchitsa zala pafupi ndi khutu lamanja, kenako lamanzere. Anatenga nsonga ziwiri za mlaza wouma n'kuzikhuza pafupi ndi khutu, nayang'ana mlazawo nthawi yaitali, n'kuuika pansi. Njiwa inalira kumalire, ndipo ndinaona kuti aimva. Misozi inali ikunditsika, ndipo ndinaisiya.

Atatsegula pakamwa sanafunse za mapira.

"Nanga timba?"

"Alipo. Awiri ali m'masau umo, akhala akukangana chifikireni ife."

"Choso?"

"Alipo, baba."

"Phwiti?"

Ndinati alipo, m'mpanda wa khola lawo lomwe. Anapitiriza kutchula, imodzi imodzi, mbalame zimene anakhala akundiuza pafoni kuti zapita, ndi zina zimene sanandiuzepo, zina mayina ake a Chisena amene ndinali nditaiwala mpaka atandiyeserera kulira kwake ndi mluzu. Mluzuwo unali wolondola ndithu, ngakhale mwini wake sankaumva bwino. Iliyonse ndinayankha zoona. Zambiri zinalipo. Ziwiri ndinati sindinazimve chifikireni, ndipo anagwedeza mutu, nati zimenezo zimafuna tsanya wamkulu.

Kenako anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, nkhope ili yonyowa.

"Takhuta," anatero, akuthokoza m'Chisena, koma osati kwa ine. "Zaka ziwiri ndakhala ndikulira maliro a anthu amoyo. Bola ndine ndatha, osati izo."

Ndinafuna kuwauza kuti sanathe, kuti kuchipatala kuboma mwina angawaone makutuwo, kuti tikhoza kumakhala awiri pansanja ine n'kumawakodola. Anandiletsa ndi dzanja ndisanamalize. Anati nsanja si malo ochezera, munthu wosamva mpheta alibe ntchito pamenepo, ndipo akhala akudyetsa mbalame chakudya cha mayi anga kokwanira. Anasuntha pamalo pawo paja, pamene matabwa anachita kusalala ndi kukhalapo kwawo, n'kundiuza ndikhalepo. Anandionetsa chingwe chimene chinali chitayamba kutha pamfundo kuti ndisachikoke mwaukali. Kenako anakulunga mkeka wawo wosathawo, naupana m'khwapa, n'kutsika chafutambuyo, phazi limodzi limodzi.

Sanakwerenso nsanja, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Ine ndinakhala milungu itatu, madiresi a eni ake akundidikira, kusinthana ndi mayi amene ankaamira ndi maso ndi kukuwa monga anthu onse, ndipo mapira amene tinapulumutsa anawafikitsa ku mvula.

Koma m'mawa umenewo, nditakhala pamalo pawo, ndinawaona akuyenda m'kanjira kotulukira m'munda. Ndinkayesa akupita kunyumba. Atafika pamtengo wa masau anaima, naika mkeka pansi, nakweza mutu. Ankafunafuna timba ndi maso, ndipo sankadziwa kafunidwe kake, chifukwa moyo wawo wonse sanafunikirepo kutero. Ankayang'ana kunthambi yolakwika. Atimbawo anali mbali inayo, chapansi, akulalata pafupi ndi phewa lawo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakuwire, koma mpheta zinali zitayambanso kulowa kukhwawa, ndipo ndinatembenuka kukakoka chingwe. Pamene ndinayang'ananso anali akadali pomwepo padzuwa, dzanja lili pamphumi, akuzungulira mtengowo pang'onopang'ono.